Maukwati Okana Kufufutika mu Laputopu ya Rudaina

Mu mzinda wa Irbid muno, mkazi akafuna kuvina momasuka pa ukwati amayamba wafunsa kuti wojambula ndani. Akamva kuti ndi Rudaina, make Qusai, mpango amauvulira pakhomo penipeni pa holo ya akazi, nsapato zazitali n'kuzikankhira kunsi kwa tebulo. Akamva dzina lina amakhala pakona, mpango uli kumutu, n'kumaomba m'manja mwaulemu ngati wabwera kumsonkhano wa makolo kusukulu.

Rudaina ndi mayi wamfupi, wamapewa olimba chifukwa chosenza kamera, ndipo mawu ake amamveka ngakhale oimba atakweza nyimbo mpaka mawindo kunjenjemera. Ntchitoyi anailowa mwangozi. Pa ukwati wa msuweni wake, mkazi amene anayenera kujambula sanabwere, ndiye anthu anangomupatsira kamera yakale ya mwamuna wake, Mazen. Vidiyo imene inatuluka inali yogwedera, ya mitu yodukaduka ndi mapazi ambirimbiri, koma akazi anaikonda chifukwa diso la mwamuna silinaione. Mpaka lero Mazen amajambula amuna kubwalo, iye amajambula akazi mkati. Amagona nyumba imodzi, koma laputopu ya mkazi wake Mazen sanaikhudzepo. Akaipeza patebulo iye atanyamula mbale yake ya mpunga, amakadyera pakhonde.

Chimene chinamutchukitsa Rudaina si luso la kamera ayi. Ojambula bwino kumuposa alipo, ndipo iye amadziwa, ngakhale simungamumve akuvomera. Chinamutchukitsa ndi mwambo wake wofufuta. Vidiyo ikatha kukonzedwa, amanyamula laputopu n'kupita nayo kwa mayi a mkwatibwi. Amamwa khofi, amaonera limodzi, amakopera ukwatiwo pa fulashi imodzi yokha, kenako amatembenuzira laputopuyo kwa mayiwo.

"Chala ndi chanu, batani ndi ili. Fufutani nokha."

Mayiwo akadina, Rudaina amatsegula bini ya mu kompyuta n'kuikhuthula iwo akuona, ndipo amamaliza ndi mawu omweomwewo nyumba iliyonse: "Tsitsi la ana anu latsala m'manja mwanu. Kwa ine kulibe ngakhale limodzi." Mawuwa anawanena kambirimbiri moti akazi kumsika amamuyeserera akamabweza chenje, koma iye sakwiya. Mawu amenewo ndi amene amamudyetsa.

Wovuta kuposa onse pa mwambowu anali a Hajja Wasfiya, mphunzitsi wamkulu wopuma wa sukulu ya atsikana. Theka la akazi a mu Irbid anawakhaulitsapo chifukwa cha zikhadabo zazitali kapena kuseka pamzere. A Hajja sankavina. M'maukwati a anzawo ankakhala chiwongokere, chikwama pamiyendo, n'kumayang'ana ovina ngati akufufuza amene wachedwa. Koma pa ukwati wa mwana wawo wotsiriza, Lamis, kaya chinawalowa n'chiyani. Ng'oma itakolera anaimirira, anapatsira chikwama mayi amene anakhala naye pafupi, anavula mpango, tsitsi la imvi lili mbuu n'kugwera m'mapewa, ndipo anavina. Anavina ndithu, chiuno ndi mapewa omwe, mpaka akazi amene anawalangapo ali ana anayamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Tsiku lofufuta anadina batani kawiri, kenako ananyamula laputopu n'kusuzumira kunsi kwake kuti mwina china chagwera patebulo.

Sipanapite nthawi yaitali, a Hajja anadwala pang'ono n'kutisiya. Maliro atatha, Lamis anafika kwa Rudaina maso ali psuu. Mwamuna wake Haitham, munthu wabwinobwino koma wosaganiza kawiri, anali atapeza fulashi ija m'kabati, n'kufufuta zonse kuti aikemo nyimbo zomvera m'galimoto.

"Anti, ngakhale kachidutswa kokha," anatero Lamis. "Zithunzi za amayi ndili nazo zambiri, koma ponseponse akuoneka ngati akufuna kundifunsa homuweki. Ine ndikufuna ndiwaonenso akuvina."

"Mwana wanga, iwe unalipo. Anadina okha, kawiri konse."

Rudaina analira naye limodzi, ndipo analira zoona. Koma tisabisane, pansi pa mtima panali kakunyada kuti ngakhale misozi ya mwana wamasiye siingapeze kanthu mu laputopu yake.

Kenako inafika nyengo yotentha, imene kuno ndi nyengo ya maukwati, ndipo laputopu inayamba matama. Ukaidina inkaganiza kaye ngati munthu wofunsidwa za ukwati wa mlongo wake. Inkatentha, inkalira ngati firiji yakale, ndipo kauthenga kankangotulukira pakona koti malo atha.

"Atha bwanji malo?" Rudaina ankaikalipira ngati mwana. "Iwe ndimakusesa sabata iliyonse. Wadya chiyani?"

Anafufuta zithunzi za Qusai ali kusukulu ya mkaka. Anafufuta maphikidwe a makeke amene sanaphikepo. Laputopu inapuma tsiku limodzi, mawa lake n'kuyambiranso. Ndipo mkati mwake munali ukwati wa mwana wa dokotala wa mano, wosamalizidwa, eni ake akuimba foni m'mawa uliwonse.

"Pitani nayo kwa Fawwaz," Mazen anatero ali pakhonde ndi mbale yake.

"Fawwaz ndi mwamuna."

"Ndakhala ndikumudziwa kuyambira tili anyamata, sindinakayikepo zimenezo."

Anapita ndithu, chifukwa panalibe pothawira. Fawwaz, bambo a Nidal, ali ndi kashopu mumsewu wa kuyunivesite, kodzaza ndi nthambo ndi makompyuta akufa amene eni ake analonjeza kuti abweranso. Ndi munthu wonenepa, wofatsa, wokonda tiyi wotsekemera kwambiri. Atamva vutolo anatambasula manja.

"Ndipatseni ndione."

"Muone chiyani? Muli ukwati wa eni umu."

"Nanga ndikonza bwanji, make Qusai? Ndinunkhize?"

"Tembenukani, muyang'ane khoma. Manja akhala anga, inu muzingolankhula. Pakamwa paja si pamene mumadyera?"

Fawwaz anausa moyo, anatembenuza mpando wake n'kuyang'anizana ndi kalendala ya ogulitsa matayala. Anamuuza kuti adine apa, atsegule apo, awerenge zimene zalembedwa. Kawiri konse Rudaina anamugwira akufuna kucheuka, n'kumubwezera mutu ndi chikwama cha laputopu.

"Ndapeza wakuba wanu," Fawwaz anauza kalendala ija. "Ndi pulogalamu imene mumadulira mavidiyo. Imeneyo ndi yaulesi kwabasi. Inu mukaika timaluwa touluka, timitima, mayina a golide, iyo imakhetsa thukuta kuti ikuonetseni zatuluka bwanji. Ndiye pofuna kuti mawa isavutikenso, imadzikopera kachidutswa kameneko n'kukabisa kuchipinda kwake. Zobisazo timati kashi."

"Koma ine ndimafufuta zonse."

"Mumafufuta zanu. Zake simunazikhudzepo. Mumasesa pabalaza, koma iyo ikuunjika makoko kunsi kwa bedi. Tsegulani foda imene ndikuuzeniyi muone nokha."

Rudaina anatsegula. Munali timafayilo tosawerengeka, ta mayina opanda mutu, manambala ndi zilembo zosakanikirana. Anadina kamodzi kuti aone makokowo. Pa sikirini panatulukira mkazi wa mwini famase, sitolo ya mankhwala ija, tsitsi lili pamtunda, akugwedeza mapewa, timaluwa tikumugwera kumutu. Mawu kunalibe, koma nkhope inali yake. Ukwati umenewo unachitika Qusai asanamere ndevu. Anadina kena. Mkwatibwi wa diresi lopanda manja, amene apongozi ake anachita kumulumbiritsa Rudaina asanalole kamera kulowa. Anadina kachitatu, panatulukiranso mkazi wina.

"Mwakhala chete, make Qusai," anatero Fawwaz. "Chibadwire sindinakumvenipo muli chete. Ndicheuke?"

"Mukacheuka ndikuboolani maso."

"Ndiye kuti muli moyo. Tamverani. Zimenezo kufufuta n'kosavuta, ndipo makina saonongeka. Koma yambani mwamaliza ukwati umene mukukonzawo, chifukwa mukasesa lero pulogalamu iyambiranso kukhetsa thukuta pa timaluwa tonse tija, muchedwa. Mukamaliza, itsekeni kaye pulogalamuyo. Lowani mufoda imeneyi, imeneyi yokha, musakayendeyende m'mafoda amene simukuwadziwa, mungazule mtima wa makina. Sankhani zonse, fufutani, khuthulani bini. Kenako mupite pamene pulogalamu imasungira malamulo ake, muiuze kuti izidzisesera yokha. Basi. Ndi zinyalala zimenezo, palibe amene amazilira."

Rudaina anatseka laputopu, anaikumbatira pachifuwa n'kutuluka osamwa tiyi. Mumsewu ankaona ngati mkazi aliyense wovala mpango akudziwa kuti tsitsi lake lili m'chikwamamo. Manyazi anamugwira, ndipo mantha anaposa manyaziwo. Zaka zonsezi ankayenda ndi akazi a mzinda wonse kumsana, m'mabasi, m'mataxi, kamodzi anaiwala laputopuyo pampando wa shopu ya nsapato mpaka atamaliza kuyesa mapeya atatu. Ndipo nyumba iliyonse ankatulukamo atanena mawu ake onyada aja.

Ukwati wa mwana wa dokotala anaumaliza mwamsangamsanga. Tsiku lotsatira, dzuwa lili pamutu, anatseka makatani, anatseka pulogalamu monga anauzidwira, n'kulowa mufoda ija. Anadzilonjeza kuti sayang'ananso kanthu. Anasankha zonse. Chala chinali pa batani pamene maso ake anagwera pa madeti amene anali m'mbali mwa timafayilo tija. Mwezi wa ukwati wa Lamis ankaukumbukira bwino, chifukwa ndi mwezi umene anathyoka chala chakuphazi atapondedwa ndi azakhali a mkwati.

Sanavutike kufufuza. A Hajja Wasfiya anali pomwepo. Rudaina mwiniwake anali atachedwetsa gawo limenelo kuti kuvinako kuoneke bwino, ndiye pulogalamu yaulesi ija inakopera n'kubisa. Kanali kachidutswa kakafupi, kongokwana kumwera kapu ya madzi. A Hajja akupatsira chikwama, akuvula mpango, imvi zikugwa pang'onopang'ono, manja akukwera m'mwamba, kenako akucheukira mwana wawo n'kuseka mano onse pamtunda.

Anatuluka pakhonde pamene Mazen ankasenda lalanje, namuuza zonse.

"Fufutani, mukhale chete," anatero Mazen. "Palibe akudziwa."

"Fawwaz akudziwa."

"Fawwaz anaona matayala."

"Nanga Lamis?"

Mazen anaika lalanje pansi. "Make Qusai, Lamis amakhala ndi apongozi ake. Mayi Intisar mumawadziwa. Nkhani ikalowa m'makutu mwawo m'mawa, pofika masana imakhala itafika kulikulu ku Amman, yavala kale ndi zibangili. Mukampatsa mwanayo kachidutswako, afunsa kuti kachokera kuti. Mzinda wonse udziwa kuti mayi wa chala ndi batani ankasunga zonse. Ndani adzavulenso mpango pamaso panu?"

Zimene ananenazo zinali zoona, n'chifukwa chake Rudaina anapsa mtima. Anamuuza kuti makoko a lalanje asatayire m'maluwa, n'kulowa m'nyumba. Anayesa kuganiza za mabodza. Akanati anapeza kachidutswako mu kamera yakale, koma imeneyo ndi nkhani yomweyo yovala diresi lina. Akanatumiza fulashi yopanda dzina, koma mu holo ija kamera inali imodzi ndipo aliyense akudziwa phewa limene linaisenza. Njira zinali ziwiri zokha. Adine batani, dzina lake likhale loyera, a Hajja afe kachiwiri popanda wodziwa. Kapena anyamule laputopu.

M'mawa mwake anainyamula. Anadutsa kogula fulashi yatsopano, n'kukwera masitepe a nyumba ya Lamis akupemphera kuti apongozi akhale atapita kumsika. Amene anatsegula chitseko anali Mayi Intisar.

"Make Qusai! Ndi laputopu yomwe! Kodi tikukwatitsa ndani osandiuza?"

Anamukhazika pabalaza, khofi anabwera, Lamis anabwera ndi mwana m'manja. Rudaina anamwa kapu yoyamba pang'onopang'ono, kudikira kuti mwina mphika upserera kukhitchini. Mayi Intisar anakhazikika bwinobwino pampando, anaika pilo kumsana. Munthu wotero sachoka ngakhale nyumba itayaka.

Ndiye Rudaina anaika kapu pansi n'kunena zonse. Ananena za kashi, za chipinda chobisika, za makoko kunsi kwa bedi. Ananena kuti sankadziwa, koma kuti kusadziwako sikusintha kanthu, chifukwa tsitsi la akazi a mu Irbid linali kwa iye nthawi yonseyi pamene iye ankalumbira kuti kulibe.

Mayi Intisar anagwira pachifuwa. "Ndiye kuti inenso ndili momwemo?"

"Mulimo. Ndi diresi lobiriwira lija."

"Lothina m'khwapa lija? Mulungu wanga!"

Lamis sanamve zonsezo. Anali atakhazika mwana pansi, maso ali pa chikwama cha laputopu. "Anti," anatero motsitsa, "amayi alimo?"

Rudaina anatsegula, n'kudina.

Anaonera katatu. Koyamba Lamis sanapume n'komwe. Kachiwiri anaika chala pa sikirini, pa tsaya la mayi ake. Kachitatu, pamene a Hajja anacheuka n'kuseka, Lamis anaseka nawo mokweza, kenako kusekako kunasanduka kulira kwa mwana wamng'ono, ndipo Mayi Intisar, amene pakamwa pawo sipatseka, anangomukokera pachifuwa.

Rudaina anakopera kachidutswako pa fulashi. "Iyi uibise kumene Haitham safikako."

"Ndiika m'botolo la sopo wochapira mbale," anatero Mayi Intisar akupukuta maso. "Kumeneko mwana wanga sanafikeko chibadwire."

Kenako Rudaina analowa mufoda ija, anasankha zonse, n'kutembenuzira laputopu kwa Lamis. Anamuuza mawu ake a masiku onse.

"Chala ndi chako, batani ndi ili."

"Dikirani kaye," Mayi Intisar analowerera. "Diresi lobiriwiralo ndilione kamodzi kokha."

"Ayi mayi," anatero Rudaina. "Mukaona lanu mufuna kuonanso la aneba."

Lamis anadina. Anadinanso kachiwiri. Kenako, misozi ikadali m'masaya, ananyamula laputopu n'kusuzumira kunsi kwake, ndipo onse atatu anaseka mpaka mwana anayamba kulira. Rudaina anakhuthula bini iwo akuona. Laputopu inapepuka pomwepo, kulira kwa firiji kuja kunatha, koma Rudaina sanapepukidwe. Anaona mmene Mayi Intisar ankayang'anira foni yawo patebulo.

Mazen ananena zoona, kupatula kuti nkhaniyo sinadikire masana. Banja lina linaimba foni kuti lapeza wojambula wina, msuweni wawo akuti. Lina silinaimbe n'komwe. Kumsika akazi anasiya kumuyeserera, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa mafoni aja. Mkazi wa mwini famase anadutsana naye maso ali pa tomato.

Ukwati umodzi wokha ndi umene sunasinthe, chifukwa masiku anali atatha oti n'kupeza wina. Lachisanu madzulo Rudaina anaima pamalo ake a nthawi zonse, kamera paphewa, akuyang'ana akazi akulowa. Ankalowa, kumupatsa moni waulemu, n'kukakhala. Oimba anayamba, ng'oma inalira, mkwatibwi anakhala pampando wake wamaluwa akumwetulira movutikira. Holo inali yodzaza, koma mipango yonse inali kumutu ndipo nsapato zonse zinali kumapazi. Manja ankaombedwa mwaulemu. Rudaina wajambulapo maliro amoyo kuposa ukwati umenewo. Anatsitsa kamera, chifukwa panalibe choti ajambule, ndipo kwa nthawi yoyamba pa ntchito yake analakalaka atakhala panja ndi amuna.

Kumbuyo kwa holo mpando unakhuluzika. Lamis, amene anali pakati pa oitanidwa, anaimirira. Iye si wovina, anatengera mayi ake, ndipo pa ukwati wake womwe anachita kumukoka. Anapatsira chikwama apongozi ake. Anayenda pakati pa matebulo mpaka anafika pabwalo lopanda munthu, anaima moyang'anizana ndi Rudaina, n'kumasula mpango. Tsitsi linagwera m'mapewa. Anakweza manja m'mwamba momwe muja anachitira mayi ake.

"Anti," anakuwa kuti amveke pamwamba pa ng'oma, "kodi mwabwera kudzaonerera? Jambulani!"

Nthungululu yoyamba inachokera kwa Mayi Intisar, ndipo penapake kunsi kwa tebulo nsapato inagwa. Rudaina anakweza kamera. Vidiyo ya ukwati umenewo eni ake amaikonda, ngakhale poyambira pake m'pogwedera ndipo mutu wa Lamis ndi wodukira pamphumi, chifukwa wojambulayo sankaona bwino ndi misozi.